Lipoti la ulendo wa ku Glasgow: mchenga wosaphwa madzi ndi nkhani ya ngalande za kudambo

A Tcheyamani, a Mlembi, a Msungichuma ndi anzanga nonse m'gulu lathu la alangizi osamalira nthaka, ndinayenda bwino ndipo ndabwerako. Pepani kuti lipotili lachedwa. Nditangofika ndinapeza maliro kwa apongozi, ndiye masabata awiri anathera kumeneko.

Munandituma ku World Congress of Soil Science, msonkhano wa nambala 22 wa akatswiri a nthaka a dziko lonse, womwe unachitikira ku Glasgow m'dziko la Scotland kuyambira pa 31 July mpaka pa 5 August 2022. Umachitika kamodzi pa zaka zinayi, ndipo wotsatira ndi wa ku Nanjing, ku China, mu 2026. Tinkakumana m'maholo a SEC m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, momwe munachitikira COP26, msonkhano wa maiko wa za kusintha kwa nyengo, mu November 2021.

Ndiyambe ndi za ndalama, poti ndamva kuti ena akuti ndinapita kokagula majekete. Tikiti ndi malo ogona analipira ndi otithandiza aja. Gulu linandipatsa alawansi ya chakudya yokha, yomwe munaiwerengera mu April. Kumapeto kwa May kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, koma palibe anakumbukira kukonzanso chiwerengerocho. Masiku atatu omaliza ndinkagonera buledi ndi tiyi. Jekete lomwe mwandiona nalo ndinabwereka kwa mlamu wanga ndisananyamuke.

Zokambirana zinali zambiri, zingapo nthawi imodzi, moti munthu umachita kusankha kolowa. Za kaboni wa m'nthaka zinali ponseponse. Za mapu ojambulidwa ndi kompyuta ndinalowako kawiri, n'kupeza kuti akulankhula masamu okhaokha. Za ndondomeko za maboma ndi zomwe timamva kale ku Lilongwe. Chomwe ndinganene kuti chikutikhudza mwachindunji n'chakuti anakhazikitsa buku lachinayi la WRB (World Reference Base for Soil Resources), lomwe limagawa nthaka za dziko lapansi m'magulu 32. Lili pa intaneti, ndi laulere, ndipo ndaliika pa kompyuta ya ku ofesi.

Koma tsiku lomwe linabweza ndalama zanu ndi Loweruka pa 6 August, msonkhano utatha kale. Mkulu wina wa komweko, yemwe anapuma pa ntchito yoyeza nthaka, anatitenga anthu anayi pa galimoto yake kupita kufupi ndi Carstairs, kum'mwera chakum'mawa kwa Glasgow. Tinadutsa ku Blantyre wawo, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Tinaima pang'ono, ndipo zomwe ndinagula pamenepo zinachokera m'thumba mwanga.

Kuti mumve za nthaka ya kumeneko muyambe mwamva za ayezi. Dziko lonse la Scotland linali pansi pa madzi oundana okhuthala kuposa kutalika kwa mapiri ake ambiri, ndipo anasungunuka zaka pafupifupi 15,000 zapitazo. Ayeziyo ankayenda pang'onopang'ono, akupera miyala ngati mphero. Zomwe anasiya ndi za mitundu iwiri. Pansi pake penipeni ankapaka dothi losakanikirana ndi miyala, lotsenderezeka zolimba, lomwe amalitcha till. Timapiri tomwe mzinda wa Glasgow unamangidwapo, toti munthu umapuma kawiri pokwera, ndi ta dothi limeneli. Kenako posungunuka, madzi othamanga ankapeta zinthu ngati mayi ndi lichero: dongo kupita nalo kutali, mchenga ndi timiyala kusiya pafupi. Ku Carstairs kuli mitumbira italiitali ya mchenga woterewu, yokhotakhota ngati njoka, ndipo akatswiri akhala akukangana kwa zaka zoposa 100 za momwe inapangikira. Pakati pa mitumbirayo pali timaenje momwe zibuma za ayezi zinakwiririka n'kusungunuka pambuyo pake. Timaenjeti tilibe potulukira madzi, chifukwa dzikolo ndi laling'ono msinkhu, mitsinje sinapeze nthawi yokumba njira paliponse.

Tinaboola ndi oga, chida choboolera nthaka, malo awiri. Pamwamba pa mtumbira mchenga unali wouma, wogumuka m'manja. Titatsika mapazi ngati 60 tinaboolanso: pamwamba dothi lakuda bii la zomera zowola, pansi pake mchenga wotuwa ngati phulusa, ndipo oga asanafike mu bondo, dzenje linadzadza madzi. Kumbukirani kuti mu 2022 ku Britain kunatentha modabwitsa, pa 19 July ku England kunafika 40°C. Mchenga wake ndi womwewo, madzi amadutsamo mofulumira chimodzimodzi, koma m'munsimo alibe kolowera chifukwa pansi pali till. Ife tinaphunzitsidwa kuti mchenga sugwira madzi, n'kumangoganiza kuti paliponse pali mchenga ndi pouma. Mkulu uja anati tisamafunse dothi lokha, tizifunsa komwe madzi agona.

Apa ndiye panali phunziro lomwe landisowetsa tulo. Tonse timadziwa kuti dothi la lowe limaoneka ndi mtundu. Madzi akakhalitsa, tizilombo ta m'nthaka timamaliza mpweya, n'kuyamba kugwiritsa ntchito chitsulo chomwe chimapatsa dothi kufiira. Chitsulocho chimasungunuka n'kuchoka, dothi limatuwa, ndipo pomwe mpweya umalowa, monga m'njira za mizu, pamatsala madontho a dzimbiri. M'dongo zimenezi zimaoneka bwino. Mumchenga ayi. Chitsulo chimakhalamo chochepa, madontho ake amakhala osaoneka bwino, ndipo njere za mchenga n'zoyera kale pachibadwa. Choonjezera apo, m'maiko ozizira muli nthaka yotchedwa Podzol, dzina lochokera ku Chirasha lonena za phulusa, yomwe imakhala ndi mzere wotuwa ngakhale pamalo ouma chifukwa cha asidi wa masamba owola. Choncho kutuwa kwa mchenga kungatanthauze lowe, kungatanthauzenso china. Mkuluyo anatulutsa kabotolo ka mankhwala otchedwa dipyridyl, n'kudonthezera pa mchenga wa m'munsi uja. Pomwepo panafiira, kusonyeza kuti chitsulo chilipo chosungunuka. Koma iye mwini anati mboni yeniyeni ndi paipi yobooledwa m'mbali, yozikidwa pansi, yomwe munthu amayezamo madzi sabata ndi sabata.

Pa kutchula dzina tinakangana ndithu. Mu WRB, zizindikiro za lowe wochokera ku madzi a pansi zikayamba pasanapitirire masentimita 40 kuchokera pamwamba, nthakayo ndi Gleysol, ndipo zoti ndi yamchenga zimangobwera ngati dzina loonjezera, Arenic. Madzi akakhala pansi kuposa apo, mchenga umatsogola: Gleyic Arenosol. Ngati madziwo sakuchokera pansi koma ndi a mvula omwe atsakamira pa chotchinga, dzina limakhala Stagnosol. Ku Scotland chotchingacho nthawi zina chimangokhala kansalu ka chitsulo kopyapyala, mamilimita ochepa chabe, koma kokwanira kusandutsa phiri kukhala lowe. Mnzathu wa ku America anati kwawo dzenje lathu lija akanalitcha Psammaquent, dzina lomwe analumikiza mawu atatu onena za mchenga, madzi ndi nthaka yosakhwima. Ngakhale pa funso loti mchenga n'chiyani sagwirizana: Aamereka amayambira pa mamilimita 0.05, a WRB pa 0.063, onse mpaka 2. Maganizo anga ndi akuti a WRB anachita bwino kutsogoza madzi, chifukwa mlimi amaphedwa ndi madzi asanaphedwe ndi mchenga. Ndipempha kuti gulu lathu lisankhe njira imodzi. Malipoti athu pano ali ngati ndiwo zosakaniza, wina Arenosol ya WRB, wina Entisol ya Aamereka, wina kungolemba kuti dothi la kudambo.

Ndikudziwa funso lomwe a Wachiwiri kwa Tcheyamani afunse, loti ayezi akutikhudza bwanji ife a ku Kasungu. Satikhudza. Mchenga wa m'mphepete mwa madambo athu unachokera ku miyala yakalekale yomwe yakhala ikufumbutuka kwa zaka mamiliyoni, n'kukokoloka kuchokera kumtunda. Mvula yathu imagwa miyezi isanu, pomwe ku Glasgow imapitirira mamilimita 1,000 ndipo imagwa mwezi uliwonse. Koma kamangidwe kake n'kofanana: mchenga pamwamba, chotchinga pansi. Kwawo ndi till, kwathu ndi dongo kapena lubwe. Aliyense wa ife anaonapo chimanga chachikasu mu February pa mchenga wa m'mbali mwa dambo, mlimi n'kumathiranso urea poganiza kuti ndi njala, chikhalirecho mizu ikumira.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi zomwe munamanga pa msonkhano wa mu July, zokumba ngalande zitatu m'dambo lomwe tikugwiramo ntchito. Munadziwa kuti tsikulo ndinali ku Lilongwe pa nkhani ya visa, ndipo ndinapempha kuti nkhaniyo idikire. Sinadikire. Sindikukana kuti alimi akudandaula zoona, chimanga chikumiradi. Koma ngalande ya mumchenga si ya m'makande. Mumchenga madzi amathamangira ku ngalande kuchokera patali, ndipo akatsika, palibe chotsala chogwira chinyezi. Tidzapulumutsa chimanga cha mu February n'kuumitsa zitsime za m'madimba mu September, pomwe amayi amapezera ndalama ya tomato ndi mpiru. Makoma ake amagumuka, ndipo mvula ngati ya namondwe Ana yomwe tinaiona mu January 2022 ikhoza kusandutsa ngalande kukhala chigwembe usiku umodzi. Feteleza yemwe wakwera mtengo chonchiyu adzatsata madzi omwewo kupita kumtsinje.

Anthu a ku Scotland anadutsamo m'njira imeneyi. James Smith wa ku Deanston anafalitsa njira yake yokhetsera madzi m'minda mu 1831, ndipo minda yambiri ya dongo inapinduladi. Koma anapitiriza kukumba mpaka m'malo osayenera, ndipo mu 2020 boma lawo linalonjeza mapaundi 250 miliyoni pa zaka 10 okonzera madambo omwe anaonongeka, mbali ina ya ntchitoyo n'kutseka ngalande zomwe makolo awo anakumba. Ndivomere kuti madambo amenewo ndi a zomera zowola, si a mchenga, choncho musanditenge ngati ndikuti n'chimodzimodzi. Ndikungoti iwo ali ndi ndalama yokonzera zolakwa. Ife tikaumitsa dambo, lapita.

Pempho langa ndi ili. Tiimitse kaye ngalandezo kwa chaka chimodzi. Tigule mapaipi a PVC, tidule zidutswa 12 za mita imodzi ndi theka, tiziboole m'mbali, tizizike m'mizere iwiri kuchokera kumtunda mpaka pakati pa dambo. Alimi otsogolera aziyeza madzi ndi ndodo Lolemba lililonse kuyambira November mpaka October. Mtengo wake sungafike pa mafuta ndi zakumwa za msonkhano umodzi wa komiti. Podikirapo, pomwe madzi amakwera kwambiri tilangize mizere yaitali kapena mabedi okwera, ndipo pakati pa lowe anthu adzale mpunga m'malo molimbana ndi chimanga. Manambala akadzaonetsa kuti ndalakwa, khasu loyamba la ngalande ndidzagwira ndine.

Kuti mapaipiwo azikike pafunika oga, ndipo apa ndiyenera kunenanso zomwe ndinanena chaka chatha ndi chaka chinacho. Oga wa gulu anabwerekedwa mu 2020 ndipo sanabwerere. Amene ali naye akudzidziwa, sinditchula dzina m'lipoti. Buku la Munsell loyezera mitundu ya dothi limakhala lokiyidwa m'diroo kuopa kuti lingade, pomwe ntchito yake ndi ya kumunda. La mkulu wa ku Scotland uja linali lamatope, masamba ena omatidwa ndi tepi, ndipo ndinachita manyazi kumuuza kuti lathu likadali m'pepala lake.

Malisiti onse ndapereka kwa a Msungichuma, kupatula la basi yochokera ku bwalo la ndege la Kamuzu, poti kondakitala analibe. Ndalama yomwe ndinaonjezera ndekha ndailemba pa pepala lapadera, komiti ione chochita. Zithunzi za maenje awiri aja ndibwera nazo pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo a Mlembi, chonde nkhani ya ngalande muiike koyambirira, osati pa zina ndi zina anthu atayamba kale kutuluka.