Makina akale oombera nsalu asathere ku chiswe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi. Kuno ku Mulanje m'kachipinda kena ka nyumba yakale ya mishoni muli makina amatabwa oombera nsalu, anangowaunjika limodzi ndi madesiki othyoka, chiswe chayamba kale kudya mwendo umodzi ndipo ena akuti bola angowaza nkhuni. Nkhuni eti!

Anthu ambiri sadziwa mmene chinthuchi chimagwirira ntchito nchifukwa chake akuchipeputsa. Sichifuna magetsi olo pang'ono, nde ndi kuzimazima kwathuku tangoganizani. Woomba amakhala pa benchi mapazi ali pa zopondera, akaponda ichi ulusi wina umakwera wina nkutsika, kenako amaponya kamtengo konyamula ulusi kudutsa pakatipo nkukoka chipeso kuti nsalu ithinane, basi choncho mpaka nsalu kutalika. Mizere ndi timabokosi timene mumaona pa nsalupo si penti ayi, timachokera pa mmene anamangira ulusi poyamba ndi mmene akupondera, ndipo akangophonya ulusi umodzi powerenga cholakwacho chimatsika nsalu yonse. Mutu umafunika pamenepa, si masewera.

Pali ena amati kuomba nsalu ndi zachizungu. Bodza lenileni. Livingstone atafika ku Shire mu 1859 anapeza a Mang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo, zija ankati machila. Inde makina opondera ngati awa anabwera pambuyo pake koma luso linalipo kale. Lero thonje likulimidwabe ku Chikwawa ndi ku Balaka koma ife tili pikitipikiti kusankha kaunjika pa Limbuli, zitenje nazo zambiri nzochokera kunja.

Wina anati tiwatumize ku myuziyamu ya ku Chichiri. Sindikukana kuti kumeneko angasungike bwino, koma ine mtima sukundilola kuti akangokhala phee ana asukulu nkumajambulitsa pambali pake. Kuno kuli agogo ena amene anaphunzira kuomba ali atsikana, maso ayamba kuvuta koma manja akudziwabe, ndiye tidikire chani? Komanso ku Bangwe kuli fakitale ija ya bungwe loona za anthu aulumali la MACODA, lija kale linkatchedwa MACOHA, komwe anzathu aulumali amaomba nsalu ndi manja, mmodzi wa iwo atabwera angatiuze zimene zasowa pa makinawa ndi mmene tingamangire ulusi.

Pempho langa kwa mafumu athu ndi makhansala ndi loti makinawa akonzedwe, ndipo mu Okutobala pa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde akaikidwe poyera, agogowo aziomba achinyamata akuona, ofuna kuphunzira alembetse pompo. Akalipentala ndi ambiri pa Chitakale, mwendo umodzi sungawakanike. Thabwa tipeze lina lililonse lolimba, koma chonde osati la mkungudza, umenewo watha kale m'phirimu.

Wokhudzidwa,
Chitakale, Mulanje