Afunseni odwala za chamba pambali asanalowe ku fiyeta

Akonzi,

Mwezi wathawu ndinali gadiyani wa mng'ono wanga pa chipatala china, komwe anamuchita opaleshoni ya heniya, ija ambiri timangoti phudzi. Madzulo oti mawa alowa ku fiyeta, anamwino anamufunsa ngati amasuta. Anafunsira mu wodi momwemo, amalume athu ataima pamutu pa bedi, odwala ena akumva. Mwanayo anati ayi. Chikhalirecho wakhala akusuta fodya wamkulu tsiku ndi tsiku kwa zaka. Ine ndinkadziwa, koma ndinatseka pakamwa, ndipo mpaka lero zimandidya mumtima.

Atatsitsimuka, ululu unamukulira kuposa anzake amene anachitidwa tsiku lomwelo. Usiku ndinkamuona atakumbatira pilo pamimba, misozi ili mbwee, akulimbana ndi chifuwa chimene chinkamukoka posokedwa paja. Pofika tsiku lachitatu tulo tinatha, thukuta lili kamukamu, phala akulikankha, akukalipira aliyense. Tinkaopa kuti bala lalowa mafinya. Dokotala wina atamutengera pambali ndi pamene anaulula, ndipo ndi pamene dokotalayo anatifotokozera zimene ndikulembazi.

Munthu wosuta chamba kawirikawiri thupi lake limazolowera THC, mankhwala amene amaledzeretsa mu chambamo. Ambiri otere amafuna mankhwala ogonetsa ochulukirapo, ndipo akadzuka amamva ululu kwambiri. Wogonetsa odwala akapanda kudziwa, amayeza mlingo ngati wa munthu wosasuta. Chamba chimathamangitsanso mtima. N'chifukwa chake mu 2023 bungwe la madokotala ogonetsa la ku America lotchedwa ASRA linalangiza kuti wodwala aliyense azifunsidwa za chamba, kuti opaleshoni yosakhala yadzidzidzi idikire maola osachepera awiri munthu akasuta, ndipo ngati waledzera nacho iimitsidwe kaye. Utsi nawo umatupitsa njira za mpweya n'kubweretsa chifuwa, komanso umachepetsa mpweya wabwino umene magazi amapititsa pa bala kuti lipole. Kusowa tulo, ukali ndi kukana chakudya kuja kunali thupi kulira chamba. Zimayamba pakapita tsiku limodzi kapena awiri munthu atasiya mwadzidzidzi, ndipo zimatha kutenga masabata awiri.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi anzake amene anabwera kudzamuzonda atabisa kandudu m'thumba, ati chamba chimapha ululu. Ankachita mwachikondi, ndikudziwa. Koma munthu amene sangathe ngakhale kuseka chifukwa cha ulusi pamimba, mukamupatsa utsi mukuti atsokomole bwanji?

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Chamba cha ku Nkhotakota ndi ku Mzimba n'chotchuka mpaka kunja, ndipo chichokereni lamulo la 2020 lololeza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, achinyamata ena akuganiza kuti chilichonse cha chamba ndi mankhwala. Komabe kusuta kudakali mlandu, ndiye wodwala akafunsidwa pagulu amaona ngati waima pamaso pa apolisi. Ndani angavomere apongozi ake ali pomwepo?

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi akuluakulu a zipatala ndi lakuti funsoli lizifunsidwa pambali, gadiyani atatuluka, ndipo chamba chizitchulidwa dzina. Mukangoti "mumasuta?" munthu amayankha za ndudu za m'sitolo. Amayi opita kukachitidwa opaleshoni yobereka afunsidwenso, ngakhalenso amene sasuta koma amachidya mu makeke kapena kuchimwa mu tiyi. Wodwala auzidwe poyamba kuti yankho lake ndi chinsinsi cha chipatala, ndipo afunsidwe kuti amasuta kangati komanso anasuta liti komaliza.

Mng'ono wanga ali kunyumba tsopano, bala likupola. Sabata yamawa tikubwerera ku chipatala kukaonetsa, ndipo wanena yekha kuti akafuna amuthandize kusiya.

Wowerenga wanu,
Nkhotakota