Dandaulo pa ntchito ya giyabokosi ya Toyota Corolla yanga

Kwa Oyang'anira Galaja,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi podandaula ndi mmene amakaniko anu anagwirira ntchito pa galimoto yanga, Toyota Corolla NZE121 ya otomatiki, yomwe yayenda makilomita oposa 250,000. Kope la risiti ndaliphatikiza.

Pobweretsa galimotoyi ndinafotokoza zonse momveka. M'mawa injini ikadali yozizira imayenda bwino, koma ikatentha giyabokosi imayamba kusilipa, makamaka pochoka giya yachiwiri kupita yachitatu: injini imalira, singano ya marevu n'kukwera, koma liwiro osawonjezeka. Pokwera chitunda cha Thabwa kuchokera ku Chikwawa, singano ya kutentha inkadutsa pakati, ndipo fungo lopserera linkalowa m'kati. Ndinanenanso kuti madzi a mu radiyeta akumachepa koma pansi osadontha. Mnyamata wa pakauntala analemba zonsezi.

Zizindikiro ngati zimenezi zimafuna kupima musanagwire sipanala. Oyilo wa giyabokosi amayezedwa galimoto itatentha, ili pamalo athyathyathya, injini ikulira, giya ili pa P. Amayang'anidwa mtundu ndi kununkhizidwa. Kenako pamabwera kuwerenga pa kompyuta makodi osonyeza zovuta za galimoto, kuyeza mphamvu ya oyilo, ndi kutsitsa sampu, beseni la pansi pa giyabokosi momwe mumakhala oyilo, kuti muone zomwe zamata pa maginito a m'katimo. Pa zonsezi palibe chinachitika. Anthu anu anangopopa oyilo wakale ndi makina, n'kuthira watsopano, n'kundiuza kuti vuto latha.

Silinathe. Galimoto inayamba kuchedwa kugwira giya ngakhale m'mawa, ndipo nditabwerera munandiuza kuti ndi ukalamba, ndigule giyabokosi ina. Ukalambawo munauona tsiku loyamba lomwe, chifukwa makilomita ali pa dashibodi. Ngati munadziwa kuti siichira, munalandiriranji ndalama zanga?

Ndinapita nayo kwa makaniko wina, ndipo anatsegula ine ndili pomwepo. Mabauti a sampu anali ndi matope akale ouma, opanda ndi kachizindikiro komwe ka sipanala, chonsecho pa risiti mwalemba kuti munasintha fyuluta. Fyulutayo ili m'kati mwa sampu, ndiye munaifikira bwanji? Pa maginito panali phala lakuda, ndipo oyilo, yemwe amayenera kukhala wofiira ndi wowala, anatuluka wotuwa, wamathovu. Atapima radiyeta anapeza kuti kapaipi koziziritsa oyilo wa giyabokosi, komwe kamadutsa m'thanki ya m'munsi mwa radiyetayo, kanabooka. Uko n'komwe madzi anga ankapita. Madzi akalowa mu giyabokosi amafewetsa ndi kumatula zomata za mapuleti a kilachi, mapuletiwo amayamba kusilipa, ndipo kusilipako kumatenthetsanso oyilo. Kuthira oyilo watsopano osatseka pobookapo kunali kungotaya ndalama.

Chinanso chandipweteka ndi oyilo amene munathira. Pa risiti palembedwa Dexron III, pomwe giyabokosi imeneyi imafuna Toyota ATF T-IV. Mapuleti otha kale safuna kuwayesera oyilo wa mtundu wina, ndiponso makaniko wosamala amachenjeza mwini galimoto asanapope ndi makina giyabokosi yoti yayamba kale kusilipa. Ine palibe anandichenjeza.

Sindikunena kuti munaboola radiyeta ndinu. Ndikunena kuti ndinalipira kuti mupeze vuto, simunalifufuze, munandilipiritsa fyuluta yomwe simunaike, ndipo munandibweza pamsewu madzi akulowabe mu giyabokosi. Galimoto imeneyi ndi yomwe imanditengera katundu wa bizinesi pakati pa Blantyre ndi Nchalo, ndipo pano yangoima.

Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama zonse za pa risitiyi, komanso tikhale pansi tigwirizane gawo lomwe mulipire pa kukonza giyabokosi. Fyuluta yakale, oyilo yemwe anatsitsidwa ndi zithunzi za sampu ndasunga, ndipo makaniko wanu wamkulu ali ndi ufulu wobwera kudzaziona. Ndiyembekezera yankho lanu lolembedwa pasanathe masiku 14. Mukapanda kuyankha, nkhaniyi ndikaitula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula.

Ine kasitomala wanu,
Mwini galimoto