Tisawakakamize ana athu kusankha pakati pa Baibulo ndi sukulu

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi abusa, akulu a mipingo ndiponso aphunzitsi a kuno ku Chigawo cha Kum'mawa pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira mwezi watha. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri ndisanapume pa ntchito, ndipo ndine mkulu wa mpingo kuno ku Chipata, choncho nkhaniyi imandikhudza mbali zonse ziwiri.

Loweruka lina madzulo mdzukulu wanga wamkazi, amene ali mu Giredi 12, anabwera kuchokera ku msonkhano wa achinyamata ali ndwii, n'kukhala pakhonde buku lake la sayansi lili pamiyendo, osalitsegula. Nditamufunsa chimene chavuta, anandiuza kuti mlaliki wa tsikulo anawauza kuti dziko lapansi lili ndi zaka 6,000 zokha, ndipo mwana aliyense amene angalembe pa mayeso kuti miyala ili ndi zaka mamiliyoni ndiye kuti akunena kuti Mulungu ndi wabodza. Kenaka anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Agogo, ndikalemba zimene zili m'bukumu kuti ndikhoze mayeso, kodi ndachimwa?" Mwanayu amaimba kwaya, amapemphera asanagone, ndipo amafuna kudzakhala dokotala. Funso lakelo linandilasa mtima, chifukwa ndinaona kuti ife akuluakulu tamusenzetsa katundu amene Malemba sanamusenzetse.

Mlaliki uja sindikumuimba mlandu wa kuipa mtima, popeza ndikukhulupirira kuti ankafuna kuteteza chikhulupiriro cha ana. Koma chiwerengero cha zaka 6,000 mulibe m'Baibulo, ndipo aliyense angathe kufufuza kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, sadzachipeza. Chinafala kwambiri chifukwa cha James Ussher, bishopu wamkulu wa ku Armagh m'dziko la Ireland, amene mu 1650 anawonkhetsa zaka za mibadwo yolembedwa m'Chipangano Chakale pamodzi ndi mbiri za mafumu akale, n'kupeza kuti chilengedwe chinachitika m'chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Pambuyo pake osindikiza anayamba kuika chakacho m'mphepete mwa masamba a Mabaibulo a Chingelezi, ndipo owerenga ambiri anachitenga ngati mbali ya Mawu a Mulungu. Ussher anali munthu wophunzira ndi woopa Mulungu, koma masamu ake anadalira ganizo lakuti mndandanda wa mibadwo sudumpha dzina lililonse. Ganizolo Baibulo lenilenilo limalitsutsa. Pa Mateyu 1:8 timawerenga kuti Yoramu anabala Uziya, pamene mabuku a Mafumu ndi Mbiri amasonyeza kuti pakati pa awiriwa panali mafumu atatu, Ahaziya, Yoasi ndi Amaziya. Mateyu sananame, analemba monga mmene ife Achewa timanenera kuti uje ndi mwana wa uje pamene tikutanthauza mdzukulu kapena mdzukulutubzi, pofuna kusonyeza mtundu umene munthu wachokera.

Anthu ambiri m'mipingo mwathu amaganiza kuti asayansi amangolota ziwerengero zawo, choncho ndiloleni ndifotokoze mmene amayezera. Taganizirani mtsuko wodzaza madzi umene ukudontha mosasintha liwiro, pansi pake pali beseni. Munthu amene akudziwa liwiro la kudonthako, akayeza madzi otsala mumtsuko ndi amene agwera m'beseni, angathe kunena nthawi imene yapita chiyambire kudontha ngakhale kuti sanalipo. M'miyala muli mitsuko yotere. Chitsulo china chotchedwa yureniyamu chimasanduka mtovu pang'onopang'ono, ndipo mtundu wake wofala kwambiri umatenga zaka pafupifupi 4.5 biliyoni kuti theka lake lisanduke. Pali timiyala ting'onoting'ono totchedwa zircon timene tikamapangika timalola yureniyamu kulowa koma timakana mtovu, moti mtovu umene umapezekamo lero unapangikira momwemo. Timiyala totere ta ku Jack Hills ku Australia tinapezeka kuti tili ndi zaka pafupifupi 4.4 biliyoni. Mu 1956 Clair Patterson anayeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kumwamba n'kupeza kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.55 biliyoni, ndipo chiyambire nthawiyo anthu a m'mayiko osiyanasiyana, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, ayezanso ndi njira zina n'kupeza chiwerengero chomwecho. Nzeru yomweyi ya msinkhu wa miyala ndi imene akatswiri a migodi amagwiritsa ntchito pofufuza mkuwa umene dziko lathu la Zambia limadalira.

Umboni wina uli pakhomo pathu pomwe. M'chigwa cha Luangwa akatswiri akhala akufukula mafupa osanduka mwala a nyama zimene zinakhalako zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ngakhale zinyama zija zotchedwa ma dinosaur zisanakhaleko. Ine ndinakaonako chipika cha mtengo wosanduka mwala m'chigwamo, chitagona m'mbali mwa khwawa louma. Poyamba ndinayesa ndi nkhuni wamba, popeza makungwa ake ndi mizere yake zinkaoneka bwinobwino, koma nditachigogoda ndi mwala wina chinalira ngati chitsulo, ndipo kachidutswa kongokwana m'manja kanali kolemera ngati mwala wa mphero. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo chimene chinandibwerera mumtima ndi mawu a pa Salimo 90 akuti kwa Mulungu zaka chikwi zili ngati dzulo lapitali. Ndinachoka pamalopo ndikumuopa Mulungu koposa mmene ndinafikira.

Ena amayankha kuti Mulungu analenga dziko posachedwa koma analipanga kuti lioneke lakale. Yankho limeneli ndimaliopa kuposa funso limene likufuna kuyankha, chifukwa likutanthauza kuti Namalenga anakwirira pansi mafupa a nyama zimene sizinakhaleko, n'kuika mtovu m'timiyala kuti anthu ofufuza moona mtima asokere. Mulungu amene ine ndimamupembedza sanama. Ngati Salimo 19 likunena kuti zakumwamba zimalalikira ulemerero wake, ndiye kuti chimene miyala ndi nyenyezi zikunena ndi umboni woona, ndipo pamene umboniwo ukuoneka ngati ukusemphana ndi Malemba, choyamba kuchikayikira ndi kamvedwe kathu ka Malembawo kapena ka miyalayo.

Kuwerenga masiku a mu Genesis mosawatenga ngati a maola 24 sikunayambe ndi Charles Darwin, amene mu 1859 anafalitsa chiphunzitso cha chisinthiko, chakuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri, ndiponso si nzeru ya azungu yofuna kufooketsa mpingo. Akhristu a muno mu Africa ankawerenga motero kalekale. Origen wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, m'zaka za m'ma 200, anafunsa kuti zikanatheka bwanji kuti pakhale madzulo ndi m'mawa pa masiku atatu oyamba pamene dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zikutchulidwa pa tsiku lachinayi. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi ku Algeria, amene anamwalira mu 430, nayenso sanawatenge masikuwo ngati masiku athu wamba, ndipo anachenjeza kuti Mkhristu akamalankhula zosadziwa pa nkhani za dziko, thambo ndi nyenyezi, n'kumanena kuti ndi mmene Malemba akunenera, anthu akunja amene amazidziwa bwino zinthuzo amanyoza Malembawo n'kukana ndi uthenga wa chipulumutso womwe. Chenjezo limenelo likukwaniritsidwa pakati pathu. Ana athu akapita ku yunivesite ku Lusaka kapena ku Kitwe n'kukaona okha mmene miyala imayezedwera, ena amabwerako atataya zonse, popeza tinawauza kuti chikhulupiriro chonse chaima pa zaka 6,000 zija.

Ife Achewa sitiyenera kuvutika kumva mmene nkhani ya chiyambi imanyamulira choonadi. Makolo athu ankanena kuti Chauta anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo mapazi awo anadinda pathanthwe lisanaume. Agogo athu pofotokoza zimenezi sankafuna kutiuza chaka kapena mwezi. Ankatiphunzitsa kuti moyo unachokera kwa Chauta, kuti munthu ndi nyama anakhalapo mwamtendere, ndiponso kuti munthu ndiye anasokoneza mtenderewo pamene anapeka moto n'kutentha tchire. Sindikulinganiza nkhani imeneyi ndi Genesis, amene kwa ine ndi Mawu ouziridwa, koma ndikunena kuti khutu lathu linazolowera kale kumva chimene nkhani yotere ikuyankha. Genesis akuyankha kuti analenga ndani, analengeranji, ndipo munthu ndi ndani pamaso pa Mlengi wake. Anthu oyandikana ndi Aisiraeli ankapembedza dzuwa ndi mwezi, ndipo Genesis akuzitchula kuti zounikira chabe, zopangidwa kuti zitumikire.

Pa za chiyambi cha munthu m'pamene mitima imapsa kwambiri, ndipo chifukwa chake ndimachimvetsa. Anthu akuda tinatchedwapo anyani ndi atsamunda, ndipo ena mwa iwo ankabisala kumbuyo kwa sayansi potinyoza, choncho munthu wa kuno akamva mawu akuti chisinthiko amamva chitonzo chakale chija. Koma sayansi sinena kuti munthu anabadwa kwa nyani kapena kwa pusi amene amatiba chimanga m'munda. Imanena kuti matupi a anthu ndi a chimpanzi anachokera ku kholo limodzi limene linakhalako zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndiponso kuti anthu onse a lero, oyera ndi akuda, ndi mtundu umodzi umene unayambira muno mu Africa zaka pafupifupi 300,000 zapitazo. Mfundo yomalizayi inagwetsa bodza la atsamunda, ndipo ikumvana ndi zimene Paulo analalikira ku Atene pa Machitidwe 17:26, kuti Mulungu anapanga mitundu yonse ya anthu kuchokera kwa mmodzi.

Dziko lathu lili pakati penipeni pa mbiri imeneyi. Mu 1921 anthu ogwira ntchito mumgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, anafukula chigaza cha munthu wamakedzana, cha mphumi yotsetsereka ndi mafupa a pamwamba pa maso otukuka kwambiri, chimene mu 2020 chinayezedwa kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chigazacho chikusungidwabe ku Natural History Museum ku London, ndipo boma lathu lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Mu 2023 kunalengezedwa kuti pa mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, panapezeka mitengo iwiri yosemedwa kuti ilumikizane, ya zaka zosachepera 476,000. Kuno kwathu, m'phanga la Kalemba m'boma la Chadiza, katswiri wofukula zakale David Phillipson anafukula mu 1971 zida zamiyala zosonyeza kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 35,000 zapitazo, kalekale Akafula amene makolo athu anawapeza kuno asanajambule zithunzi zawo pamiyala. Zimandipweteka kuti alendo amawoloka nyanja kudzaphunzira zinthu zimenezi, pamene mwana wa ku Chadiza akuuzidwa kuti kuzikhulupirira ndi tchimo.

Kusintha kwa zamoyo tinakuona ndi maso athu. Amene tili ndi zaka tikukumbukira nthawi imene klorokwini ankachiza malungo, kenaka n'kuyamba kulephera, mpaka boma linasintha n'kuyamba kupereka Coartem kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Tizilombo tochepa timene tinkapirira mankhwalawo ndi timene tinkapulumuka n'kuswana, mpaka tinachuluka kuposa tinzake. Mdzukulu wanga akadzakhala dokotala adzayenera kuimvetsa bwino nkhani imeneyi kuti asataye odwala.

Sindikubisa kuti pali pamene pali povuta. Paulo pa Aroma 5 akunena za uchimo ndi imfa zimene zinalowa mwa munthu mmodzi, ndipo Akhristu oona mtima amasiyana pa mmene angagwirizanitsire Adamu ndi mafupa a ku Kabwe. Ena amati Adamu ndi Hava anali anthu enieni amene Mulungu anawasankha n'kudziulula kwa iwo, ndipo imfa imene ikunenedwayo ndi kulekana ndi Mulungu. Abale athu a Katolika, kuyambira pa kalata ya Papa Pius XII ya mu 1950, amalola kufufuza za kumene thupi la munthu linachokera, koma amagwiritsitsa kuti mzimu wa munthu aliyense umalengedwa ndi Mulungu mwini. Ine ndimaima pa Genesis 2:7, pamene munthu akuumbidwa ndi dothi lapansi n'kuuziridwa mpweya wa moyo. Ngati sitichita manyazi kuti tinachokera ku dothi, sindiona chifukwa chochitira manyazi ngati dothilo linadutsa m'manja mwa Woumba kwa zaka mamiliyoni, popeza ulemu wathu uli mu mpweya umene anatiuzirawo.

Aphunzitsi anzanga nawonso ndili nawo mawu. Alipo ena amene amaima kutsogolo kwa kalasi n'kunena monyada kuti sayansi inatsimikiza kuti kulibe Mulungu. Kumeneko n'kunamiza ana, chifukwa palibe chipangizo choyezera chimene chingayankhe funso limenelo, ndipo mphunzitsi wotere akulalikira chikhulupiriro chake atavala malaya a sayansi. Munthu amene mu 1927 anasonyeza ndi masamu kuti thambo likufutukuka, n'kudzayala maziko a chiphunzitso chakuti chilengedwe chonse chinali ndi poyambira, anali Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium. Gregor Mendel, amene malamulo ake a kutengera kwa makolo timawaphunzitsa m'kalasi, anali mmonke amene ankabzala nsawawa zachizungu m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ana athu ali ndi ufulu womwa ku tchalitchi ndi ku sukulu komwe popanda wina kuwauza kuti dziwe linalo lili ndi poizoni.

Usiku umenewo ine ndi mdzukulu wanga tinatsegula Baibulo ndi buku lake lija patebulo limodzi, tinawerenga Genesis 1 ndi 2 pang'onopang'ono, ndipo iye yekha anaona kuti dzuwa likubwera pa tsiku lachinayi. Ndinamuuza kuti akalembe mayeso ake ndi mtima woyera, popeza kunena zoona za miyala ya Mulungu si kuchimwira Mulungu. Koma pa msonkhano uja panali ana ena ambiri amene anabwerera kwawo ndi funso lomwelo, ndipo si onse amene ali ndi womufunsa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, choncho ndikupempha mabungwe a abusa a m'maboma a Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke kuti aitane aphunzitsi a sayansi amene ali m'mipingo mwawo momwemo, akhale nawo pansi nkhaniyi isanakafikenso kwa achinyamata. Ine ndalankhula kale ndi abusa athu, ndipo tagwirizana kuti mvula ikatha tidzapempha chilolezo kwa osamalira malo akale ndi kwa mafumu a kumaloko kuti tipite ndi achinyamata athu ku Kalemba, akaone phangalo ndi maso awo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Chipata