Manambala a masamba andisokonezera lipoti

Kwa oyang'anira kampani,

Ndalemba kale kawiri pa kabokosi kanu kofunsira thandizo kaja koma kuli zii, ndiye ndati ndilembe kalata basi mwina iyi muiwerenga.

Ine ndimalipira akaunti ya pamwezi pa webusayiti yanu yoika manambala pa ma PDF. Ndinasankha inuyo chifukwa sipafunika kuika pulogalamu ina iliyonse mu kompyuta, umangotsegula Chrome, kulowetsa fayilo, kusankha pomwe nambala ikhale, kudawuniloda, zatha. Koma zomwe zandionekera ndi lipoti langa la masamba 86 sabata yathayi, aaa ayi.

Tsamba loyamba ndi chikuto ndipo chikuto sichikhala ndi nambala, izi aliyense amadziwa. Kenako pali masamba 4 a mawu oyamba ndi zamkatimu, ndimafuna amenewa akhale i, ii, iii, iv, nambala 1 iyambire pa tsamba la 6. Manambala achiroma kwanuko kulibe, chabwino ndinavomera. Ndinalemba 6 pa kabokosi koyambira paja, masamba 5 oyambawo anadumphidwadi koma tsamba la 6 mwalilemba 6 osati 1. Ndiye zamkatimu zikuti mutu wachiwiri uli patsamba 14, munthu ukatsegula ukuupeza pa 19. Tsamba loyambira kudinda ndi nambala yoyambira kuwerenga ndi zinthu ziwiri zosiyana, mwaziika bwanji m'kabokosi kamodzi?

Nkhani yandiwawa kwambiri ndi ya matebulo. Masamba atatu ndi ogona chifukwa matebulowo ndi otambalala, ndiye nambala m'malo mokhala pansi pakatikati yakagwera m'mbali chopendekeka, ina yakakhala pamwamba penipeni pa chiwerengero cha mu tebulo moti 3 wanga sakuonekanso ngati 3, ukamuyang'ana uli ngati 8. Ine si katswiri koma ndikudziwa kuti mu PDF tsamba logona nthawi zina limakhala loimirira lomwelo, kungoti limanyamula kachizindikiro koti litembenuzidwe ndi madigiri 90, ndipo zikuoneka kuti chida chanu kachizindikiro kameneka sichikaona nkomwe. Preview yanu, poonera fayilo usanadawunilode paja, nayonso imangoonetsa tsamba loyamba lokha, lomwe ndi chikuto chopanda nambala, eti ndiye munthu ungaone chani pamenepo.

Ndinapulinta makope 12 ndisanazindikire, anaona ndi abwana anga tili pamsonkhano, aliyense akuvundukula masamba kufunafuna mutu wachiwiri. Manyazi ake.

Ndikufuna mundibwezere ndalama za mwezi uno. Mukonzenso za masamba ogonawa ndipo preview izionetsa masamba onse. China, fayiloyi ndinailowetsa kasanu poyesayesa, pa Chrome ndi pa Firefox pomwe poganiza kuti mwina vuto ndi langa, ndipo muli zinthu za kuntchito zosayenera kuonedwa ndi aliyense. Mundiuze molemba ngati makope onse 5 achotsedwa pa seva yanu komanso tsiku lomwe achotsedwa.

Ndaphatikiza zithunzi za tsamba la 6 ndi la tebulo lija. Ndidikira yankho pa imelo ya akaunti yanga mpaka Lachisanu, kupanda apo ndikutseka akauntiyo.

Ndine kasitomala wanu wokhumudwa.