Madalaivala, tsitsani wailesi mumve injini

Akonzi,

Ndine dalaivala wa lole ya dizilo, ndipo zaka zanga zambiri zathera pamsewu wa Ngabu ndi Blantyre. Chandilembetsa kalatayi ndi anyamata athu amene akuyendetsa magalimoto nyimbo zili pamwamba, osamva kulira kwa injini.

Injini ya dizilo ndi yaphokoso chibadwire. Ilibe mapulagi oyatsira ngati ya petulo. Mpweya umapanikizika mpaka kutentha kwambiri, mafuta akapoperedwamo amayaka okha. Choncho kaphokoso ka khekhekhe m'mawa, makamaka mu Juni, kasakuopseni. Injini ikafunda kamachepa.

Choopsa ndi kugunda kochokera pansi, gu! gu! gu! ngati wina akusinja mumtondo kuseri kwa nyumba, kumakulirakulira ukamaponda moto. Ine ndinakumva masana ena mu Okutobala, ndikukwera chikweza cha Thabwa nditadzaza thonje. Kuno kuchigwa nyengo imeneyo kutentha kumadutsa madigiri 40, oyilo amapyapyala, ndipo mabeyaring'i otha amayamba kumenya. Ndinati ndifike kaye pamwamba. Kagetsi kofiira ka oyilo kanaphethira kawiri, ine osaima. Ndisanamalize kona lotsatira injini inanoka. Loleyo inakhala pamiyala miyezi inayi, ndipo ana anga awiri anajomba teremu yonse kusowa fizi. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndikanaima pomwepo ndalama yake ikanakhala yochepa.

Bambo wina wachikulire, makaniko wa ku Nchalo, ndi amene anandiphunzitsa kumvetsera. Amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira kukhutu, n'kumasuntha pang'onopang'ono kutali ndi fani. Tikitiki wa pamwamba nthawi zambiri ndi matapeti, tizitsulo tokankha mavavu olowetsa ndi kutulutsa mpweya, amangofuna kutchuna. Kugogoda kwakuthwa ngati hamala pachitsulo, utsi uli tolo, kayezetseni manozulo opopera dizilo mu injini, makamaka ngati munathira dizilo wa m'zigubu, uja ena amasakaniza ndi parafini. Lamba wa fani akamalira tswii, m'mangeni tsiku lomwelo. Akaduka, pa injini zambiri pampu ya madzi imaima, ndipo ndi dzuwa lathuli madzi sachedwa kuwira.

Ndikupempha eni magalimoto: dalaivala akakuimbirani kuti injini yasintha kulira, musamukalipire kuti akuchedwetsa katundu. Ambiri amapitiriza ulendo poopa bwana. Ndipo inu anzanga ochokera ku Nsanje, Bangula ndi Ngabu, mukawoloka mlatho wa Kamuzu zimitsani wailesi, tsitsani galasi, mumve injini musanayambe chikweza.

Dalaivala wa lole,
Ngabu, Chikwawa