Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: inshuwalansi ya katundu woitanitsa kunja

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la amalonda pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma. Za msonkho ndi kusowa kwa ndalama zakunja ndidzafotokoza pakamwa tikakumana. Pano ndilembe za inshuwalansi zokha, poti oda yathu ya masola ndi mabatire yayandikira.

Ambirife tikaona CIF (mtengo wophatikiza katundu, inshuwalansi ndi zonyamulira pa sitima) pa invoisi yochokera ku Guangzhou ku China mtima umakhala m'malo, timati katundu ali ndi inshuwalansi. Ali nayodi, koma malamulo a malonda a pakati pa mayiko otchedwa Incoterms 2020 amangokakamiza wogulitsa kugula yotsikitsitsa, ya gulu C pa Institute Cargo Clauses (mfundo za inshuwalansi ya katundu wa paulendo), ndipo udindo wake wa inshuwalansiwo umathera padoko lomwe lalembedwa: Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Ya gulu C imalipira sitima ikapsa, ikamira, ikawombana ndi inzake, kapena thiraki ikagubuduzika. Kubedwa mulibemo. Kunyowa mulibemo. Kusweka pokweza ndi potsitsa mulibemonso.

Nanga ife katundu wathu amavulalira kuti? Kontena ya anthu ambiri imatsekulidwa ku Lilongwe, makatoni n'kuwasamutsira pa lole ina yobwera kuno. Anyamata onyamula amaponyerana, wina n'kusanjika katoni ya mabatire pamwamba pa sola, galasi n'kuchita mng'alu womwe mudzauonere mushopu. Pamenepo ya wogulitsa ija inatha kalekale. Eni sitima nawo musawadalire: malamulo a zapanyanja amawaikira malire a chipukutamisozi potengera kulemera kapena chiwerengero cha mitolo, osati mtengo wa katunduyo.

Yotiyenera ndi ya gulu A, yomwe imalipira ngakhale kubedwa, kunyowa ndi kusweka, ndipo papepala palembedwe kuti ikuyambira kunyumba yosungira katundu ya wogulitsa mpaka pa Salima, dzina la Salima lioneke ndithu. Ngakhale iyoyo siilipira ngati katundu analongedzedwa mwachisawawa kapena wangochedwa panjira, choncho masola tiumirire kuti aikidwe m'mabokosi a matabwa. Mabatire a lithium amawerengedwa ngati katundu woopsa, tisawabise polembetsa.

Kumsonkhanoko wina anafunsa kuti bwanji osangosiya inshuwalansi n'kupulumutsa ndalamayo. Anamukumbutsa za Ever Given, sitima yomwe inatseka ngalande ya Suez mu Marichi 2021. Eni ake analengeza general average, lamulo loti onse a katundu musitimamo asonkherane zolipira poipulumutsa. Ngakhale makatoni ako ali bwinobwino, suwatenga mpaka utapereka chikole. Wokhala ndi inshuwalansi, ngakhale ya gulu C, kampani yake ndiyo imamuimirira.

Mtengo wolembetsa umakhala wa katundu, kuphatikiza zonyamulira, n'kuwonjezerapo 10 peresenti. Apa tifunsitsitse ngati ndalamayo ikuwerengedwa m'madola. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Kulipiridwa m'makwacha akale sikungagulenso masola omwewo.

Ma ajenti otisonkhanitsira katundu amakonda kunena kuti "zonse zili m'manja mwathu, bwana". Ine mawu amenewa sandikhutiritsa. Atipatse satifiketi ya inshuwalansi yokhala ndi dzina la gulu, ndipo ngati kampaniyo ndi ya konkuno tione kuti ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi.

Tsiku lolandira pakhale anthu awiri. Katoni yonyowa kapena yong'ambika ilembedwe papepala la dalaivala tisanasaine, tijambule zithunzi, makatoniwo tisataye. Chowonongeka chamkati chinenedwe m'kalata pasanathe masiku atatu.

Pempho langa ndi loti tiuze wogulitsa atipatse mtengo wa FOB (wa katundu mpaka kumukweza m'sitima, wopanda inshuwalansi ndi zonyamulira pa sitimayo), inshuwalansi tigule tokha. A Msungichuma afunse mitengo ku makampani angapo, tidzagamule pamsonkhano wa mwezi uno tisanatumize dipoziti.